Masilaidi anu asamaoneke ngati anasokedwa ndi zigamba: mmene mungawafananitsire mu PowerPoint

Funso ili ndalilandira kambirimbiri moti ndatopa kumayankha munthu mmodzimmodzi, ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi, wina akandifunsanso ndizingomulozera pano. Limabwera mosiyanasiyana koma ndi funso limodzi lomwelo. Wina amati mutu wa silaidi ukumadumphadumpha ndikamapita kutsogolo, wina amati ndasintha fonti koma masilaidi ena akukana, wina amati tinagawana ntchito anthu anayi ndiye titaphatikiza zikuoneka ngati aliyense anali kwake. Ndipo pafupifupi aliyense amakhala wayamba kale kukonza silaidi imodziimodzi, kudina mutu, kusintha saizi, kuukoka pang'ono, kupita pa ina. Masilaidi 40 mpaka usiku, mawa wina n'kudzati mtundu uwu sitikuufuna, muyambirenso.

Nkhani yonse ili apa: maonekedwe sakonzedwa pa silaidi. Amakonzedwa kuseri, pa Slide Master, silaidi imangotengera. Mukagwira zimenezi zina zonse ndi kungodziwa podina. Ndizifotokoza za PowerPoint ya pa kompyuta chifukwa ndi imene ambiri mumandifunsa, za Google Slides ndi Impress ndizinena pang'ono kumapeto.

Tiyambe ndi mawu anayi amene ndizigwiritsa ntchito, kuti tisasocheretsane.

Master ndi silaidi yaikulu yobisika imene imalamulira fonti, mitundu, ndi malo a mutu pa masilaidi onse. Leyauti ndi ana a master, aliyense ndi kayalidwe kake: ina ya mutu woyamba, ina ya mutu ndi mawu, ina yogawa silaidi pawiri, ina ya mutu wokha. Silaidi iliyonse imene muli nayo inamangidwa pa leyauti inayake, kaya mukudziwa kaya ayi. Placeholder ndi kabokosi kamadonthomadontho kaja kamene kamati Click to add title mukangotsegula silaidi yatsopano, kameneka n'kolumikizidwa ku leyauti ndipo kamamvera master. Text box ndi kabokosi kamene mumajambula nokha kuchokera pa Insert. Mukalembamo mawu tiwiri timeneti timaoneka chimodzimodzi, simungatisiyanitse ndi maso, koma text box ndi mwana wopanda kholo, master ikalankhula za malo kapena saizi iye samva. Sungani zimenezi, tibwererako pa sitepe 6.

1. Sungani kope, kenako sankhani kukula kwa silaidi

Musanakhudze chilichonse pangani Save As, mupatse fayilo dzina lina. Zimene tichite kutsogoloku zimasuntha zinthu zambiri nthawi imodzi ndipo Ctrl+Z ili ndi polekezera.

Kenako pitani pa Design, Slide Size. Pali 16:9 ndi 4:3. Kuyambira PowerPoint 2013 fayilo yatsopano imabwera pa 16:9, yomwe ndi masentimita 33.87 m'lifupi ndi 19.05 kutalika, pomwe mafayilo akale ambiri ali pa 4:3, masentimita 25.4 kwa 19.05. Sankhani panopa. Mukadzasintha kumapeto mutayala kale zonse, zinthu zimasuntha, logo ya pa master imatha kufutukuka, ntchito yonse ya kuyala mudzaibwereza.

2. Lowani mu Slide Master, ikani fonti ndi mitundu

View, Slide Master. Kumanzere muona timasilaidi tambiri, kamodzi kakakulupo pamwamba penipeni ndi tina tating'ono pansi pake. Chenjezo loyamba, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera: mukalowa PowerPoint sikuikani pa master, imakuikani pa leyauti ya silaidi imene munali. Ndiye munthu amasintha fonti pamenepo, n'kutuluka, n'kupeza masilaidi ochepa okha ndi amene asintha, basi n'kunena kuti Slide Master sigwira ntchito. Kwerani m'mwamba ndi mausi mpaka pa kakakulu kaja. Pamenepo ndi pamene tikugwirira.

Fonti musaisinthe pa Home ngati mmene mumachitira pa Word. Pa tabu ya Slide Master pali batani lolembedwa Fonts, pansi pake Customize Fonts. Likufunsani ziwiri zokha, fonti ya mitu ndi fonti ya mawu a m'kati. Ziwirizo ndi zokwanira, ngakhale imodzi pa zonse ziwiri palibe vuto. Ubwino wake ndi woti kuyambira pamenepo chilichonse chatsopano, kaya tebulo, kaya tchati, kaya kabokosi, chimabwera ndi fonti yomweyo. Mukatsegula mndandanda wa mafonti muona ziwirizi zili pamwamba pazokha, pambali pa dzina palembedwa Headings kapena Body. Mawu amene ali pa fonti ya chizindikiro chimenecho amasintha okha mukadzasintha maganizo. Amene munawasankhira fonti pamanja kuchokera mu mndandanda wautali wa pansi uja amakakamira pomwepo, olo dzina la fonti likhale lomwelo.

Mwina mwaona kuti mafayilo ena amabwera ndi Calibri ena ndi Aptos popanda amene anasankha. Calibri inali fonti yoyambira kuchokera pa Office 2007, ndiye mu 2023 Microsoft inalengeza Aptos kuti ilowe m'malo mwake. Anthu awiri a Office yosiyana akaphatikiza ntchito, zigamba zayamba kale asanalakwitse kalikonse.

Mitundu ndi chimodzimodzi, Colors kenako Customize Colors. Pali malo 12: anayi a mawu ndi kumbuyo, asanu ndi limodzi otchedwa Accent 1 mpaka Accent 6, ndi awiri a malinki. Accent 1 muiganizire bwino chifukwa kabokosi kalikonse kamene mujambule kazibwera ndi mtundu umenewo, ndipo tchati imatenga mitundu motsatana kuyambira pomwepo. Mukamapaka chinthu mtundu muzisankha pa Theme Colors, mizere ya pamwamba ija. Standard Colors, More Colors ndi Eyedropper zimapereka mtundu wokakamira, sudzasintha tsiku lomwe mudzasinthe mitundu ya fayilo yonse.

Kanthu kena kakang'ono kwa ife olemba chinenero chino: mafonti ena okongoletsa alibe chilembo cha ŵ, ndiye kompyuta imabwereka chilembocho ku fonti ina ndipo chimaoneka chachilendo pakati pa mawu. Ngati mumachilemba, yesani kaye musanaikonde fontiyo.

3. Konzani mutu ndi mawu a m'kati, mukadali pa master

Dinani kabokosi ka mutu. Ikani saizi, mtundu, kumanzere kapena pakati, ndi malo ake. PowerPoint imabwera ndi mutu wa saizi 44, ine ndimaona kuti ndi waukulu kwambiri kwa anthu olemba mitu yaitali, ndimautsitsa pakati pa 30 ndi 36. Siyani malo okwana mizere iwiri ngakhale mukuganiza kuti mitu yanu ndi yaifupi, pamapezeka umodzi wautali nthawi zonse. Ndipo onani pa Align Text ngati mawu akugwira pamwamba, pakati kapena pansi pa kabokosi. Akakhala pakati, mutu wa mzere umodzi ndi wa mizere iwiri umayambira malo osiyana, kudumpha kuja nthawi zina kumachokera pamenepa osati kuti wina anasuntha kabokosi. Ikani pamwamba.

Kabokosi ka mawu kali ndi mizere isanu yolowa m'kati motsatana, saizi 28, 24, 20, 18, 18. Konzani itatu yoyamba, ina iwiriyo ngati mukuifika ndiye kuti silaidi yadzaza kale. Mpata wa pakati pa mfundo uikeni pano pa Paragraph, pa Spacing After kapena Before. Osamadina Enter kawiri kuti pakhale mpata, osamakankha mawu ndi spacebar, osamalemba kamzere pamanja m'malo mwa bulet. Pa silaidi, Tab kumayambiriro kwa mzere imalowetsa mfundo m'kati, Shift+Tab imaibweza, ndipo Shift+Enter imadula mzere popanda kuyamba bulet yatsopano.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza mwakachetechete, AutoFit. Mawu akachuluka PowerPoint imawachepetsa yokha kuti akwane, ndiye silaidi ina ili pa 24, ina 20, ina 17, inu simunakhudze. Dinani ndi batani la kumanja la mausi pa kabokosi ka mawu, Format Shape, pezani gawo la Text Box, sankhani Do not Autofit. Tsopano mawu akachuluka azisefukira pansi moonekera, ndipo n'zabwino, akukuuzani kuti mudule kapena mugawe silaidiyo pawiri.

4. Logo, nambala ya silaidi ndi mawu a pansi

Logo iikeni kamodzi pa master, ionekera paliponse pamalo amodzi ndipo pa silaidi palibe angaisunthe mwangozi. Ngati simukuifuna pa silaidi yoyamba, pitani pa leyauti ya Title Slide muchonge Hide Background Graphics. Ngati munali mutapesita kale logo pa silaidi iliyonse, zichotseni zonsezo, apo ayi muona ziwiri zitasanjikizana mopendekeka.

Nambala: malo ake ndi saizi mumakonza pa master, koma kuti ioneke mutuluke kaye ndi Close Master View, kenako Insert, Header & Footer, chongani Slide number, Apply to All. Pali kabokosi ka Don't show on title slide ngati simukuifuna poyamba. Ikakana kuoneka pa masilaidi ena, kawirikawiri wina anafufuta kabokosi kake pa leyauti. Bwererani ku Slide Master, dinani leyautiyo, chongani Footers, kenako bwerezani Apply to All. Kulemba manambala pamanja mu text box ayi ndithu, mukangosuntha silaidi imodzi onse alakwika.

5. Yenderani maleyauti

Tsikani mmodzimmodzi muone ngati atengeradi zimene mwaika pa master. Title Slide ndi Section Header zimakhala ndi malo ndi saizi yakeyake ya mutu, zimenezo n'zadala. Koma mukapeza leyauti wamba, monga Two Content, mutu wake sunasunthe limodzi ndi anzake, ndiye kuti wina anaukhudzapo pamanja kale ndipo unasiya kumvera. Mankhwala ake ndi osavuta: pa tabu ya Slide Master chotsani chongi pa Title, kenako chonganinso. Mutu ubwera watsopano wotengera master.

Ngati pali kayalidwe kamene mumakabwereza, tinene chithunzi kumanja mawu kumanzere, kapena zithunzi zitatu ndi mawu pansi pake, pangani leyauti yake. Insert Layout, kenako Insert Placeholder, sankhani Picture kapena Text, jambulani, ipatseni dzina lomveka ndi Rename. Chithunzi chikalowa mu placeholder ya chithunzi chimadulidwa chokha kuti chidzaze malowo, ndiye zonse zimatuluka saizi imodzi popanda inu kuyeza.

6. Kubweza masilaidi akale kuti ayambe kumvera

Apa ndi pamene malangizo ambiri amathera, amangoti konzani master basi zonse zisintha. Zikanakhala choncho bwenzi palibe amene akundifunsa. Ngati mukuyamba fayilo yatsopano, inde. Koma inu muli ndi masilaidi opangidwa kale, mutuluka mu Slide Master n'kupeza theka asintha theka ali mmene analili. Zifukwa zake zimakhala zitatu ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake, ndiye muyambe mwafufuza kaye musanayambe kudinadina.

Chifukwa choyamba, mawu ali mu placeholder ndithu koma wina anawakonza pamanja. Zapamanja zimaposa master nthawi zonse. Munakoka mutu pang'ono chaka chatha, PowerPoint inasunga kuti silaidi iyi ili ndi malo akeake ndipo sidzafunsanso master. Ichi n'chosavuta. Sankhani silaidi kumanzere kuja, Home, Reset. Batanili lili pafupi ndi New Slide ndipo anthu ambiri sanalidinepo chibadwire chifukwa dzina lake limaopsa, amaganiza kuti lifufuta mawu. Silifufuta. Limangobweza malo, saizi ndi maonekedwe a ma placeholder kuti afanane ndi leyauti. Mutha kusankha masilaidi ambiri ndi Shift kapena Ctrl n'kudina Reset kamodzi, koma ine ndimachita asanuasanu kuti ndizitha kuona chimene chasuntha. Ngati m'kati mwatsalira mawu ena amakani, dinani m'kabokosimo, Ctrl+A, kenako Ctrl+Space, zonse zapamanja pa zilembo zichoka. Dziwani kuti bold imene munaika dala ichokanso, muibwezeretse pambuyo.

Chifukwa chachiwiri ndi chija ndinati musunge. Mwadina Reset, palibe chasintha. Mwadinanso, zii. Ndiye kuti chimene mukuchiona ngati mutu si mutu, ndi text box. Izi zimachitika kwambiri kwa anthu amene amasankha leyauti ya Blank kapena kufufuta timabokosi tonse kuti ayambe poyera, ena amachita zimenezi poopa kuti mawu aja a Click to add text adzaoneka pa pulojekita, pomwe saoneka, placeholder yopanda kanthu siituluka pa slide show ngakhale posindikiza.

Kuti mudziwe masilaidi odwala musamadine mmodzimmodzi. Pitani View, Outline View. Kumanzere kutuluka mawu a masilaidi onse, koma okhawo amene ali mu placeholder ya mutu ndi ya mawu. Silaidi imene pa sikirini yadzaza ndi mawu koma mu Outline ili mbee, imeneyo yonse ndi ma text box. Lembani manambala ake papepala. Njira ina ndi Selection Pane, Alt+F10, imaonetsa dzina la chinthu chilichonse pa silaidi, muona Title 1 kapena TextBox 7.

Tsopano kukonza kwake, ndipo ndinene zoona, njira yachidule palibe, palibe batani losandutsa text box kukhala placeholder. Pa silaidi iliyonse yodwala:

a. Home, Layout, sankhani leyauti yoyenera, tinene Title and Content. Timabokosi topanda kanthu tibwera, mwina kuseri kwa mawu anu akale. Tikapanda kubwera dinani Reset.

b. Dinani m'kati mwa text box ya mutu, Ctrl+A, Ctrl+X. Onetsetsani kuti mwadula mawu, osati bokosi lonse. Mukadina m'mphepete mwa bokosi ndiye kuti mwatenga bokosi, mukapesita libweranso lomwelo ndi matenda ake.

c. Dinani m'kati mwa placeholder ya mutu, dinani kumanja, pa Paste Options sankhani Keep Text Only, kachizindikiro ka chilembo A. Apa ndi pamene anthu amaonongera ntchito yonse, amadina Ctrl+V wamba ndipo fonti yakale ndi saizi yake zimalowa nawo. Mukalakwitsa, Reset ikuthandizani tsopano popeza mawu ali malo oyenera.

d. Chitani chimodzimodzi ndi mawu a m'kati. Ngati mabulet akale analembedwa pamanja muona awiriawiri, fufutani apamanjawo, kenako Tab pa mfundo zimene zikuyenera kulowa m'kati.

e. Fufutani text box yakale yopanda kanthuyo. Sioneka, koma idzakuvutitsani tsiku lina mukamadina chinthu china n'kumagwira iyo.

Dzanja likazolowera silaidi imodzi siitenga nthawi. Ndipo ngati nthawi yakutherani, chitani mitu yokha. Diso la munthu limagwira msanga mutu ukadumpha kusiyana ndi china chilichonse, komanso mitu yeniyeni ndi imene imaoneka mukamapanga linki yopita pa silaidi ina, ndi imenenso mapulogalamu owerengera anthu osaona amagwiritsa ntchito.

Chifukwa chachitatu, fayilo yanu ili ndi ma master angapo. Lowaninso mu Slide Master mutsike mpaka pansi. Mukaona kakakulu kena kolembedwa 2, kena 3, aliyense ndi ana ake, ndiye kuti munakonza banja limodzi pomwe masilaidi ena ndi a mabanja enawo. Ndinalandirapo fayilo ya ma master asanu ndi awiri, onse ofanana ndithu powaona koma aliyense mutu wake uli pamalo osiyana pang'ono, mwini wake anali atataya masiku awiri akukoka mitu pamanja. Ikani mausi pa leyauti osadina, ikuuzani masilaidi amene akuigwiritsa ntchito kapena kuti palibe. Tulukani, sankhani masilaidi a mabanja enawo, Home, Layout, muona maleyauti agawidwa m'magulu malinga ndi master, sankhani ya gulu lanu lenileni, kenako Reset. Onse akasamuka bwererani mukafufute ma master otsalawo. Muonanso maleyauti a mayina ngati 1_Title and Content kapena 2_Title Only, amenewo anabwera ndi masilaidi opesitidwa, samutsani masilaidi ake n'kuwafufuta. Leyauti imene ikugwiritsidwabe ntchito PowerPoint sikulolani kuifufuta, ndiye musaope kuti muononga.

Zonsezi zikatha, ma fonti osochera otsala mu matebulo ndi timabokosi asakeni ndi Home, kamuvi ka pambali pa Replace, Replace Fonts. Mndandanda wa pamwamba umaonetsa mafonti amene ali mu fayilo yanu, ine ndimautsegula ngakhale sindikufuna kusintha kanthu, kungofuna kuona kuti muli alendo angati.

7. Popesita masilaidi ochokera kwina

Kuti matendawa asabwererenso. Mukapesita silaidi yochokera mu fayilo ina pamatuluka kabatani ka Paste Options. Use Destination Theme imavala zovala za fayilo yanu, Keep Source Formatting imabwera ndi master yake yonse, ma master asanu ndi awiri aja amabadwa chonchi. Sankhani yoyambayo, kenako onani Layout, kenako Reset, nthawi yomweyo osadikira kuti achuluke. Mawu ochokera ku Word, imelo kapena intaneti, Keep Text Only nthawi zonse. Tchati yochokera ku Excel nayonso ili ndi chisankho cha Use Destination Theme kuti itenge mitundu yanu.

Ngati mukugwira anthu angapo, mmodzi akonze master kaye, aliyense ayambire pa fayilo imeneyo. Kugawana mitu yokha n'kumati tidzafananitsa kumapeto, amene adzaphatikizeyo sagona.

8. Zinthu zimene master singazigwire

Mivi, timabokosi ta chithunzi cha ndondomeko, mawu ofotokoza pansi pa chithunzi, izi zimafunikadi text box ndi shape, sikuti n'zoletsedwa. Konzani kamodzi mmene mukufunira, dinani kumanja m'mphepete mwake, Set as Default Text Box, kapena Set as Default Shape, kapena Set as Default Line. Zatsopano zonse mu fayiloyo zizibwera choncho. Zakale zifananitseni ndi Format Painter, kaburashi kaja, mukakadina kawiri kamakhalabe koyaka mpaka mudine Esc, ndiye mutha kuyenda nako masilaidi onse.

Malo musamayeze ndi maso. Alt+F9 imabweretsa ma guide, mizere yothandiza kuyala imene siioneka poonetsa. Mukaiika muli mu Slide Master imaoneka pa masilaidi onse ndipo pa silaidi siisunthika. Ine ndimaika umodzi kumanzere pamene mutu umayambira, wina kumanja, wina pansi pa mutu, wina pamwamba pa nambala, chilichonse chikhale m'kati mwa mpanda umenewo. Zinthu zingapo pa silaidi imodzi, zisankheni zonse, Align kenako Distribute. Chinthu chimene chikuyenera kukhala pamalo amodzi pa masilaidi angapo, chikopeni n'kupesita pa silaidi inayo, chimagwera pamalo omwewo, kapena lembani manambala ake pa Format Shape, Size ndi Position.

Chithunzi chikokeni pakona, mukakoka m'mbali nkhope za anthu zimafutukuka. Mukafuna china pamalo omwewo dinani kumanja, Change Picture. Transition sankhani imodzi, Apply To All, basi, sindikambapo zambiri.

9. Kuyendera komaliza

View, Slide Sorter, chepetsani mpaka masilaidi ambiri aoneke pamodzi. Wosiyana ndi anzake amadzionetsa yekha, makamaka wa kumbuyo kwa mtundu wina, ameneyo mupite pa Format Background mudine Reset Background. Kenako F5, gwirani muvi wa kumanja muthamange mofulumira osawerenga, diso lili pa chilembo choyamba cha mutu. Likagwedezeka, imani, onani nambala. Bwerezani diso lili pa nambala ya silaidi. Onaninso kalembedwe, mitu ina Zilembo Zazikulu Liwu Lililonse ina ayi, mfundo zina zili ndi mpumiro kumapeto zina zilibe, izi master singakukonzereni.

10. Pa kompyuta ina, ndi ulendo wotsatira

Mwakonza zonse, mwafika pokaonetsa, kompyuta ya kumeneko ilibe fonti yanu, yaika ina yotambalala, mitu yasefukira. Njira zake: gwiritsani ntchito fonti yopezeka paliponse monga Arial, kapena File, Options, Save, chongani Embed fonts in the file, podziwa kuti mafonti ena chilolezo chake sichilola ndipo fayilo imalemerako. Ine ndimanyamulanso PDF yake nthawi zonse, ilibe ma animation koma maonekedwe sasuntha.

Kenako fufutani zam'kati pa kope lina, Save As, mtundu wa fayilo PowerPoint Template, ija yothera ndi .potx. Ntchito ya sitepe 2 mpaka 5 simudzaibwerezanso.

A Google Slides, zonse ndi zomwezi mayina okha ndi amene asiyana. Master ili pa Slide, Edit theme. Leyauti mumasankha pa Apply layout, zapamanja mumachotsa ndi Format, Clear formatting, kaburashi kamatchedwa Paint format, ndipo pa Import slides pali kabokosi ka Keep original theme, kachotseni chongi ngati simukufuna alendo. A LibreOffice Impress pitani View, Master Slide. Fayilo ikamayenda uku ndi uku pakati pa mapulogalamuwa mipata ya mizere ndi mafonti zimasunthako pang'ono ulendo uliwonse, ndiye sitepe 9 muichitire mu pulogalamu imene mukaonetsere, ngati n'kotheka pa kompyuta yomweyo.